Mphepo Itagona

Mbendera yofiira yoonetsa mphepo ya pakati pa chigwa itayamba kulefuka, a Sajeni ndiwo anayamba kuiona. Mwana wawo, atagona chafufumimba kuseri kwa mfuti, anali akupotokolabe kachitsulo ka pagalasi loyang'anira, kukankhira kumanzere, ngati kuti mphepo ikadalusabe monga inalili m'mawa.

"Bweza, iwe! Mphepo yagona!" Anakuwa choncho mumtima. Koma pakamwa panangotuluka liwu limodzi lomwe matenda ofa ziwalo anawasiyira: "Chabwino."

Mayi wina amene anakhala pafupi ndi njinga yawo ya olumala anawamwetulira. "Eya agogo, zikuyenda bwino," anatero, nabwerera ku foni yake.

Zikuyenda bwino chani! Pa usilikali wawo wonse, ntchito ya a Sajeni inali yomweyi, yophunzitsa anthu kuwerenga mphepo asanawombere patali. Ankati mphepo ya patsaya pako ndi yabodza, yoona ndi ya kutsogolo uko komwe chipolopolo chikadutse chitatopa. Yang'ana udzu, yang'ana fumbi, yang'ana mpweya wotentha umene umavinavina pamwamba pa nthaka. Mzime wawoyu anamuphunzitsa zonsezi asanamere ndevu. Sankamulola n'komwe kuloza pakati pa chandamale. Ankati pakati ndi pa aulesi, ndipo ankamuwombetsa kanambala kolembedwa pangodya ya kumwamba chakumanzere kwa pepala, mpaka mwanayo kulira.

Lero linali tsiku la mayeso. Wopambana mmodzi yekha ndiye akanapita kunja kwa dziko, zaka ziwiri, kusukulu ya akatswiri owombera patali. Mwayi umenewu a Sajeni anaufuna moyo wawo wonse, osaupeza. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo iwo ankafunitsitsa kuti wawoyu atuluke m'dziwe momwe iwo anakalambira.

Mfuti inalira. Kafumbi kanadzuka kuseri kwa chandamale, m'mwamba, chakumanzere.

A Sajeni anayesa kukweza dzanja lamanja. Linangokhala pamwendo, lolemera ngati la munthu wina. Lamanzere linamenya chitsulo cha njinga, koma ndani angamve zimenezo mfuti zikulira? Udzu wa m'chigwa unali utaima njo. Ngakhale wophunzira wa dzulodzulo akanaona. Nanga mwana wawo, magazi awo enieni, diso analisiya kuti?

Yankho ankalidziwa, ndipo linawawawa kuposa matendawo. Chimwalirire mayi ake, mwanayu ndiye anali manja ndi miyendo yawo. Kuwasambitsa ndi iyeyo, kuwameta ndi iyeyo, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda ndi iyeyo, kenako n'kuvala yunifolomu kuthamangira kuntchito maso ali psuu. Azilongo ake anali kutali ndi maukwati awo, othandiza pafoni pokha. Munthu wosagona angawerenge bwanji mphepo? "Ndamudya diso mwana wanga," anaganiza a Sajeni. "Ine ndemwe, chigoba cha munthu, ndamudya diso."

Mfuti inaliranso. Fumbi pomwe paja. Mwanayo sanadzutse mutu kuti aone mbendera. Anapuma modekha monga anaphunzitsidwira, nawombera kachitatu, kachinayi. Asilikali amene anaima kumbuyo anayamba kunong'onezana. Wina anaseka, n'kunena kuti mkango wabala mbuzi.

A Sajeni anatseka maso. Chipolopolo chomaliza anangochimva ndi makutu. Misozi inatsika mbali yakufayo, ndipo analibe mphamvu yoipukuta.

Atawerenga zotsatira, dzina la mwana wawo linali kumapeto. Panalibe chipolopolo ngakhale chimodzi chomwe chinalowa m'mizere yozungulira. Amene anapambana anali mnyamata wamtali amene a Sajeni anamuona akuphethira nthawi zonse akamakoka mfuti, ndipo anzake anamunyamula m'mwamba.

Kaputeni woyang'anira mayeso, amene kale anadutsa m'manja mwa a Sajeni, anabwera atanyamula pepala la chandamale. Anagwada pambali pa njinga.

"Pepani, bwana," anatero motsitsa mawu. "Ine ndimadalira wanuyu. Mphepo ya lero yamusokoneza basi. Tengani, mwina mukakambirana kunyumba." Atazindikira chimene wanena kwa munthu wosatha kulankhula, anachita manyazi, naika pepalalo pamiyendo pawo n'kuchokapo msanga.

Mwanayo anafika akusansa udzu pamalaya. Nkhope yake sinaonetse chisoni, koma kutopa kokha. Sanawayang'ane m'maso bambo ake. Anawapukuta tsaya ndi kansalu, nawakonza kolala, nawerama kumasula mabuleki a njinga.

"Tiyeni kunyumba, bambo. Nthawi ya mankhwala yakwana, ndiponso madzi osamba sindinateleke."

A Sajeni anayang'ana pepala lija. Pakati panali poyera, posakhudzidwa. Kamphepo kanadzuka mochedwa, n'kukupiza ngodya ya kumwamba chakumanzere, ndipo chala chawo chamoyo chinapita kukaipanikiza. Chalacho chinalowa m'bowo.

Kanambala kaja panalibepo. Pamalo pake panali mabowo asanu ogundana, oti chikhatho chimodzi n'kuwaphimba onse. Mwanayo anaphonya dala, kuti asawasiye okha. A Sajeni anatsegula pakamwa ndi mphamvu zawo zonse kuti amuuze apite, asadzikwirire wamoyo chifukwa cha iwo, koma liwu lomwe linatuluka linali lomwe lija: "Chabwino."