Dothi la Kumtunda

Siachoono anatambasula pepala la zotsatira pabondo n'kutsokomola kawiri kuti banja lonse litchere khutu. Anali atavala magalasi ake aja a pamaliro ndi pamilandu.

Malemu bambo ake anasiya minda iwiri, wina kumtunda, wina kumunsi kwa msewu wa ku Monze. Ana otsala analinso awiri: iyeyo ndi mlongo wake Nchimunya, mayi wamasiye wa ana anayi. Woyamba kusankha anali iyeyo monga wamkulu, ndipo munthu woti anafika Giredi 9 sangasankhe munda ndi maso ngati mbuli.

N'chifukwa chake anayezetsa dothi mwakachetechete. Anachita zonse zimene mlangizi wa zaulimi ananena, kapena tinene kuti pafupifupi zonse. M'munda uliwonse anayenda mokhotakhota, kukumba malo khumi, kulambalala chulu ndi khola lakale, n'kusakaniza dothilo bwinobwino. Zoti akatenge timatumba tatsopano ku ofesi anaziona ngati kutha nsapato pachabe. Anangotola tiwiri pakhomo pomwepo.

"Munda wakumunsi," anawerenga mokweza, "dothi lowawasa pang'ono, likufuna laimu." Anayang'ana mlongo wake ndi chifundo cha pankhope pokha. "Wakumtunda, chakudya cha mbewu chapyola muyezo. Musathire feteleza!"

"Achimwene, kumchenga kuja?" anafunsa Nchimunya. "Kumene bambo anasiya kulima chifukwa chimanga chinkalekeza m'mawondo?"

"Bambo analibe pepala, iwe."

Anasankha wakumtunda. Amalume awo, amene ankagawa mindayo, anamufunsa katatu ngati watsimikiza, iye n'kutsimikiza katatu konse, ulendo wachitatu mokalipa. Mboni zinamva, zikhomo za malire zinakhomedwa tsiku lomwelo. Nchimunya analandira munda wake wowawasawo, pamodzi ndi malangizo aulere a kathiridwe ka laimu ochokera kwa katswiri wa m'banjamo.

Alendo atabalalika, Siachoono anatsamira mpando, pepala lili pamimba, akuwerengera m'mutu ngolo za chimanga. Mkazi wake anabwera kudzatola makapu.

"Abambo a Choolwe, timatumba tija anakubwezerani? Ka ufa kaja kalibe ntchito. Koma kamene munathiramo dothi lakumtunda kandipweteka mtima. Pansi pake panali feteleza wanga wa kudimba, wodzaza manja awiri."

Siachoono anavula magalasi.