Mpando Woyang'ana Kukhoma

Odilia anabwera ndi birika la madzi ofunda ndi beseni, n'kuyamba kusambitsa alendo m'manja mmodzimmodzi. Atafika pa bambo ake a Fexon anapinda maondo n'kupereka shikamoo, moni wa kuno wopatsa akuluakulu. Mkuluyo sanayankhe. Anabweza manja ake, n'kukhwekhwereza mpando mpaka unayang'ana kukhoma.



Matebulo awiri a mumgahawa, malo odyera a pafupi ndi doko la Mbamba Bay, anali atawalumikiza kuti mtundu wonse ukwane: bambo, azakhali a Veronika, mlamu wake wa Fexon dzina lake Isaya ndi mkazi wake, ndi tiana tawo tomwe tinali titayamba kale kulimbirana botolo la soda. Anali atatsika boti m'mawa womwewo kuchokera kwawo ku Malawi. Chimene anadzera sanachinene, koma Fexon ankachidziwa. Munthu wamkulu sawoloka nyanja kudzaona usipa. Anabwera kudzamutenga kuti akakwatire kumudzi, monga bambo ankanenera chaka ndi chaka.

Vuto linali loti Fexon anali ndi mkazi kale, ndipo mkaziyo ndi yemwe ananyamula birikayo. Ankakhala limodzi kwa zaka ziwiri, popanda ankhoswe, popanda kutchalitchi. Bambo anali mkulu wa mpingo wosaseka ndi zinthu zotere, Odilia anali Mkatolika wa ku Lipingo, mudzi wa tsidya lomwelino, ndiye Fexon akaimba foni kumudzi ankangokamba za mphepo ya panyanja ndi za malonda. Ankati adzanena mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

M'mawawo Odilia anali atanena mosakweza mawu, akumanga kanga m'chiuno. "Abweretseni kuntchito kwanga, mundionetse. Ngati simundionetsa lero, ine ndibwerera kwathu. Ndatopa kukhala ngati katundu wozembetsa."

Tsopano chakudya chinafika: mpunga, nsomba zokazinga, nyemba, ndi chipsi cha mazira cha ana. Aliyense anayamba kudya, kupatula bambo. Mbale yawo sanailandire m'manja mwa Odilia. Azakhali ndi amene anailandira n'kuiika pakona ya tebulo, ndipo inangokhala pomwepo, ntchentche zikuizungulira. Odilia akadutsa, mkuluyo ankaweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zake.

Fexon ankawadziwa bambo ake. Akanyansidwa ndi munthu sankatukwana, ankangomuchotsa m'maso. Nanga ngati akunyansidwa chonchi ndi mtsikana wogwira ntchito mumgahawa asanadziwe kalikonse, adzatani akamva kuti mtsikanayo amagona m'nyumba ya mwana wawo? Mawu amene anawakonza m'njira yonse yochokera kudoko anawabwereza mumtima. Anamwa madzi. Anawayambanso mumtima, n'kumwanso madzi.

Odilia anabweretsa tsabola m'kambale. Anathirira aliyense wofuna, koma mbale ya Fexon anaidumpha osafunsa.

Isaya, yemwe pakamwa pake sipankakhala chotsekera, anaseka mpunga uli m'kamwa. "Alamu, mtsikanayu wadziwa bwanji kuti inu simudya tsabola?"

Azakhali anasiya kutafuna. Odilia anaima kumbuyo kwa mpando wa Fexon, kambale kali m'manja, ndipo Fexon ankamva kupuma kwake. Khomo linali litamutsegukira lokha, chake kunali kungolowa. Anayang'ana msana wa bambo ake, wowongoka ngati mtanda wa denga, mtima n'kumuthawa.

"Ndimadya pano kawirikawiri," anatero. "Ndi wantchito wa pano basi. Ngakhale dzina lake sindilidziwa."

Analankhula m'Chichewa, ngati kuti chinenerocho chimubisa, koma chilankhulo cha kwa Odilia ndi Chichewa n'zapachibale, ndipo zaka ziwiri za m'nyumba imodzi zinali zitamaliza zotsalazo. Odilia anaika kambale patebulo mosamala, n'kulowa kukhitchini. Katani ya pakhomo inagwedera pang'ono, kenaka inaima.

Manyazi anamugwira Fexon mpaka m'makutu. Mkazi amene anamusamala pamene malungo anatsala pang'ono kumutenga, amene ankadzuka naye kukayanika usipa pathandala asanapite kuntchito kwake, anamukana chifukwa cha msana wa nkhalamba. Anadziuza kuti akamupepesa madzulo. Anadziuzanso kuti sakanachitira mwina, koma ngakhale iye mwini sanazikhulupirire. Kuseri kwa khitchini kunalira njinga yamoto ya hayala. Anaimvetsera ikukwera mumsewu, phokoso likucheperachepera, ndipo anadziwa amene wakwerapo.

Apo m'pamene bambo anatembenuza mpando. Anasamba m'manja okha, n'kukokera mbale pafupi, n'kuyamba kudya mpunga wozizirawo mwaphuma ngati munthu wochokera kumunda. Fexon sanathe kupirira.

"Bambo, mtsikana uja anakulakwirani chiyani kuti mukane kudya iye ali pano?"

Mkuluyo anadzutsa mutu modabwa, koma anayankha ndi azakhali, akupukuta zala.

"Iwe, unaona kuti munthu akudya mpongozi wake akumuyang'ana? Amalonda anzako anatiuza chaka chatha, ndipo taolokera kudzaonana ndi makolo ake ku Lipingo. Timangodikira kuti umutchule ndi pakamwa pako. Tsono pita ukamuitane, ngati dzina lake walikumbukira."