Chitseko cha Lukonde

Pamsonkhano wa kampani, onse anakweza manja kuvomereza kupatula Lukonde. Pulogalamu ya pakompyuta yothandiza m'makiliniki imene iye anailemba m'galaja ku Chelstone, yoti aliyense azitenga ulere n'kuikonza mmene akufunira, tsopano aitsekera kuti izigulitsidwa.

"Ba Lukonde, nkhalani pansi tikambe," anatero Jethro, mnzake amene anayamba naye kampaniyo.

"Takamba kudala. Ine nachoka. Makiliniki ya ku Kabwata mukayauze mweka kuti manje ni kulipila."

Lukonde anamenyetsa chitseko n'kutuluka. Panja anapeza galimoto ya Jethro itatsekereza yake. Analiza hutala mpaka dzanja linawawa, koma palibe anasuzumira.

Anabwerera pakhomo. Chitseko chija chinali chitadzikhoma. Anaima kanthawi, kenako anagogoda.

"Nindani?" anafunsa Jethro mkatimo.