Dazi la Nkhanga

Padangokhala, makasu ali m'manja, thukuta lili kamukamu. Mbalame za kudambo zinali pa dima, kuswa mphanje m'munda wa Njiwa. Tsiku la dima zinkasonkhanitsa ana onse patsinde pa chulu, mayi mmodzi n'kukwera pamwamba kukhala mlonda. Tsikulo mlonda anali Nkhanga.

Nkhwali yekha anakana. Mwamuna wake anali atafera pamsampha chaka chomwecho, ndipo sankakhulupiriranso aliyense.

"Achemwali, bwerani nawoni kuno anawo," anatero Nkhanga.

"Ayi, ana anga ndimawadziwa ndekha," anayankha Nkhwali. Anawabisa atatu onse muudzu chapatali, n'kukagwira khasu.

Koma mwana angakhale chete mpaka liti? Kamng'ono kanatuluka kuthamangitsa chiwala, Mphamba n'kukaona ali m'mwamba.

"Mwana uyo! Mwana uyo!" anakuwa Nkhanga. Sanafunse kuti ndi wa yani. Anathamanga n'kukafungatira kamwanako, zikhadabo za Mphamba n'kutera pamutu pa Nkhangayo. Mbalame zonse zinataya makasu n'kufika ndi chiphokoso, Mphamba n'kuthawa atafumbata nthenga zokhazokha.

Nkhwali anafika akuthamanga. "Mayo, achemwali, mutu wanu! Ndinene chiyani ine?"

"Musanene kanthu," anatero Nkhanga, magazi akutsikira m'maso. "Katengeni awiri aja. Akadali okha muudzu."

Nkhwali anakawatenga, n'kuwakhazika pakati pa anzawo.

Nthenga za pamutu pa Nkhanga sizinamerenso. Dazilo ali nalo mpaka lero, ndipo ana a Nkhwali saliseka. Amamuitana kuti amayi.