Amene Anaimba Foni

"Zolemba za apolisi zisatsegulidwe," anagamula woweruza. "Dzina la amene anawaimbira foni likaululika, palibe adzawatsinenso khutu."

Brodie anamenya chibakera pa njinga yake ya olumala. Anasumira apolisi chifukwa anamuthyola msana pomugwira ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ankafunitsitsa kudziwa amene anamunenera.

Atatuluka panja, mayi ake, a Noelene, ankangokankha njingayo, maso ali patsogolo, osamva n'kutentha komwe kwa dzuwa.

"Ndi Kev wa nyumba yoyandikana nafe uja, amayi. Ndidzathana naye."

"Musiye Kev. Ndikugulire payi wa nyama?"

"Kodi inuyo sizikukupwetekani?"

A Noelene anapitiriza kukankha njingayo. Tsiku limene anaimba foni ija, iwo ankangofuna kuti apolisi adzamuopseze pang'ono mwanayo, asiye mankhwalawo.