Kathumba Koyera ka Telala

Panali telala wina amene ankasokera pakhonde la nyumba yake. Mwana wake anabadwa ndi vuto la muubongo lija loumitsa ziwalo, moti dzanja lamanja linkangokhala chofumbata.

Dokotala wa mafizo, masewera aja olimbitsa ziwalo, analangiza telalayo ndi mkazi wake kuti, "Tsiku lililonse muzimuveka kathumba kudzanja labwinoli kwa kanthawi, kuti azolowere kugwiritsa ntchito lofookali. Azitola zitsekerero za mabotolo, azigwira yekha supuni. Azilira, koma musamamuvule."

Telala anasoka yekha kathumbako, kokongola kwabasi. Mkazi wake ankagulitsa m'sitolo, ndiye m'mawa ankamuveka mwana n'kuthamangira kuntchito. Mayiyo akangokhota, mwana ankayamba kulira. Makasitomala nawo pakamwa sipatsekeka: "Abale, mwana wolumala kale mukumumanganso?"

Bambo uja ankangoti vule kathumba kaja, ponye m'dirowa ya makina.

"Abwana, tisavutane. Yasamulani," ankatero akumudyetsa. Nthawi yoweruka ikayandikira, ankamuvekanso.

Mkazi ankafika mapazi atatupa. "Wachita masewera ake?"

"Wachita, mayi ake. Wachita bwino zedi."

Tsiku lake lopuma mayiyo ankalithera pamzere kuchipatala, chimwana chija chili kumsana. Miyezi inapita, osaona kusintha. Dokotala anaitanitsa makolo onse awiri, chifukwa zala zinali zitaumiratu. Anatenga kathumba kaja n'kukatembenuza.

"Mumakachapa kangati, mayi?"

"Sindinakachapepo..." Mayi uja anakayang'anitsitsa kathumbako. Mwana wokwawa m'fumbi, wodzipaka zakudya, koma kathumba kali mbee ngati kasokedwa dzulo.

Dokotala anaika supuni patebulo pafupi ndi dzanja lofooka lija. Mwana sanaiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa bambo ake, n'kuyasamula kukamwa, kudikira.

Telala anawerama. "Ndimamumvera chisoni," anatero.

Mkazi sanakalipe, mphamvu zokalipira analibe. Anangoyala nsalu yoberekera n'kunena motsitsa kuti, "Bambo ake, msana wangawu watha. Ife tikadzapita, adzayasamulira ndani?"

Dokotala anati ayambirenso, koma tsopano ntchito yakula.

Phunziro: Chisoni china chimalanda mwana dzanja. Mwana wolumala akamalira pophunzira, khalani naye pafupi, mulimbikitseni, koma musamuchitire zimene a chipatala anati azichita yekha. Ngati mwatopa, nenani kuti mwatopa, osanamiza mnzanu. Tumizirani makolo ena nkhaniyi, alipo ambiri amene kathumba kawo kali m'dirowa.