Kompyuta Yakale ya a Hamisi

Laputopu ya Scholastica, woyang'anira kaundula wa thandizo, inathimiratu lole ya chimanga itaima kale pa Ntaja. Mayina a mabanja olandira thandizo anali mu fulashi, pamodzi ndi zolemba za pulogalamu yowatsegulira, koma poiyendetsa panalibe. Panja pa ofesi amayi anali atakhalira matumba opanda kanthu kuyambira m'mawa, ena atagonera mango aawisi owiritsa.

A Hamisi, okonza mafoni pamsika, anabwera atasenza kompyuta yawo yofiira ndi fumbi.

"Kompaila ilimo, ija yosandutsa zolemba kukhala pulogalamu," anatero. "Koma ndi yamakedzana, achemwali. Zanu zatsopanozi ikana."

Scholastica anakumbukira mizere imene analemba pamwamba pa ntchito yake, anzake ku Balaka akumuseka kuti akutaya nthawi. Mizereyo inkayamba yafunsa kompaila iliyonse: kodi umatsata malamulo a 2011 a chilankhulo cha makompyuta cha C? Ngati iyayi, nanga a 1999? Yosayankha izidzera njira yakale.

Analowetsa fulashi ija n'kudina batani. Kompyutayo inalira ngati chigayo chakutali. Funso loyamba sinayankhe, lachiwirinso zii. Inangolowa njira yachitatu ija, imene iye anali asanaiyesepo n'kamodzi komwe.

Kenako mayina anayamba kutsika, lililonse ndi mudzi wake.

A Hamisi anagwira pakamwa. "Mashallah," ananong'ona. "Ndiye kuti nkhalamba iyi munaiganizira musanaione?"

Scholastica anakankha zenera n'kuitana dzina loyamba. Mayi wina anadzuka pang'onopang'ono, akukung'untha thumba lake.